Funso la Telala pa Maliro a ku Kawale: Kodi Malawi Anamangidwa pa Chikhristu?

Mwezi wa Juni wapitawu, kuzizira kwa ku Lilongwe kutafika poti ngakhale jekete silithandiza, tinachezera pa maliro a mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu ku Kawale. Amayi a Chigwirizano anali m'nyumba ya siwa akuimba nyimbo zotonthoza, pamene ife abambo tinazungulira moto panja, ena titakhala pa mabenchi obwereka ku tchalitchi, ena pa njerwa ndi pa zigubu. Usiku wa pa maliro umatalika, ndipo nkhani zimangoyenda zokha: tinayambira pa mtengo wa feteleza, tinadutsa pa kusowa kwa mafuta a galimoto, mpaka tinafika pa funso loti dziko lino linalakwa pati. Apa mkulu wa mpingo wina, amene ndatumikira nawo zaka zoposa 20 ndipo ndimawalemekeza ndi mtima wonse, ananena motsimikiza kuti mavuto athu akuchokera pa kuiwala maziko. Iwo anati Malawi anamangidwa pa chikhristu, ndipo nthawi yakwana yoti aphungu alembe m'malamulo oyendetsera dziko kuti ndife dziko lachikhristu, monga anachitira anzathu a ku Zambia. Anatchulanso mawu a m'Masalimo onena za kudala kwa mtundu umene Yehova ndiye Mulungu wake, ndipo ambiri anagwedeza mitu kuvomereza.

Pakati pathu panali bambo wina wachisilamu, telala amene amasoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika, yemwe nyumba yake inayandikana ndi ya malemuwo. Madzulo a tsikulo ndi iwo amene anabweretsa nkhuni pa wilibala, ndipo akazi awo anali kuseri kwa nyumba akuphika pamodzi ndi amayi ena. Usiku wonse sanalankhule zambiri, anangokhala atavala mzuli wawo akuwotha moto. Mkulu wa mpingo uja atamaliza, iwo anakonza kukhosi nafunsa motsitsa mawu kuti: "Abambo, mundikhululukire, ine sukulu sindinapite nayo patali. Zimenezo zikalembedwa, ndiye kuti ife tidzakhala alendo?" Panakhala bata, mnyamata wina anasonkhezera chikuni, kenaka mkulu uja anayankha kuti: "Ayi achimwene, inu ndinu abale athu, palibe amene angakuthamangitseni." Nkhani inatembenukira ku za adzukulu ndi nthawi yonyamukira kumanda, funso lija n'kutsala pomwepo. Ine sindinanene kanthu usiku umenewo, ndipo kukhala chete kwangako kwandisowetsa mtendere kuyambira tsikulo.

Ndine Mkhristu wa mpingo wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma, ndinabatizidwa ndili khanda, ndipo sindichita manyazi ndi Uthenga Wabwino. Ndayamba ndi kunena zimenezi kuti wina asaganize kuti ndili ndi chifukwa ndi mpingo. Komabe nditasinkhasinkha mbiri yathu ndi kuwerenga malamulo athu, ndafika potsimikiza kuti anthu a m'dziko lino ndi oopa Mulungu, ambiri mwa iwo ndi Akhristu, koma boma lawo silinamangidwe pa chipembedzo chilichonse, ndiponso kuti ife Akhristu ndife oyamba amene tiyenera kuteteza kuti zikhalebe choncho.

Amene amanena kuti maziko athu ndi achikhristu sakulankhula zopanda mutu, ndipo kuwatsutsa mopeputsa kungakhale kusaona mtima. Mbiri ya dziko lino monga tikulidziwira lero siingafotokozeke popanda mishoni. David Livingstone anafika pa nyanja yathu mu 1859, ndipo mu 1861 amishoni a Anglican a UMCA anamanga ku Magomero motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Mu 1875 a Free Church of Scotland anayamba mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, imene inasamukira ku Bandawe kenaka ku Khondowe m'manja mwa Robert Laws. Mu 1876 a Church of Scotland anayamba mishoni ya Blantyre, dzina limene analitenga ku mudzi wobadwira Livingstone ndipo lero ndi dzina la mzinda wathu wa zamalonda. Kuno kuchigawo chapakati a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, pamene Akatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, posakhalitsa n'kufika ku Likuni kuno kwathu. Sukulu zoyamba, zipatala zoyamba ndi makina oyamba osindikizira mabuku zinali za mishoni, ndipo Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922 linathandiza kwambiri kukhazikitsa Chichewa cholembedwa chimene ndikulembamo pano. Ngakhale boma la atsamunda linabwera mu 1891 amishoni a ku Scotland atakakamiza akuluakulu a ku London kuti dera lino lisagwe m'manja mwa Apwitikizi.

Ambiri mwa atsogoleri amene anamenyera ufulu wathu anatuluka m'makalasi omwewo. Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anaphunzira ku Livingstonia. Henry Masauko Chipembere anali mwana wa wansembe wa Anglican. Dr Hastings Kamuzu Banda anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo ankakonda kukumbutsa anthu zimenezo. Pa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, mipingo ya ku Blantyre ndi ku Livingstonia inaima ndi anthu akuda pochikana. Choncho munthu akati chikhristu chili m'magazi mwa dziko lino, ine sindingamutsutse.

Komatu dziko lino linalipo mzungu woyamba asanaione nyanja. Amishoni atafika anapeza makolo athu akutchula kale Mulungu, Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi ndi Leza, ndipo pomasulira Baibulo anatenga dzina limene analipeza pakamwa pa anthu; Buku Loyera la 1998 linafika mpaka poika dzina loti Chauta pamalo pamene Buku Lopatulika limati Yehova. M'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, cha kumapiri a Dzalanyama, kuli Msinja, kumene Makewana ankayang'anira kachisi wopempherera mvula zaka zambirimbiri mishoni ya Mvera isanamangidwe, ndipo ku Nsanje kuli Khulubvi wa M'bona. Chisilamu nachonso sichinabwere dzulo: Jumbe, mfumu yachisilamu ya Chiswahili, anali atakhazikika kale ku Nkhotakota cha m'ma 1840, Livingstone asanafike, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjila analowa Chisilamu cha m'ma 1870, zaka zomwezo zimene Livingstonia ndi Blantyre zinkayamba. Ndikudziwa kuti dzina la Jumbe limayenda limodzi ndi malonda oipa a akapolo, ndipo sindikufuna kuliyeretsa. Ndalitchula chifukwa ngati ukale ndiwo umapereka umwini wa dziko, ndiye kuti ife a mtanda sitili oyamba pamzere. Palinso chilonda chimene Akhristu sitikonda kuchikhudza. Popeza sukulu zinali za mishoni, makolo ambiri achisilamu ankaopa kutumizako ana awo kuti angawatembenuze, ndipo madera awo anatsalira pa maphunziro kwa zaka zochuluka. Pamene telala uja anati sukulu sanapite nayo patali, ine ndinaimva mbiri imeneyi m'mawu awowo.

Tikafika pa 6 Julaye 1964, tsiku limene tinalandira ufulu wodzilamulira, ndi bwino kuyang'ana zimene makolo athu anasankha okha atapatsidwa mpata. Chizindikiro cha boma la Nyasaland chinali ndi mawu a Chilatini akuti Lux in Tenebris, kutanthauza kuwala mumdima, mawu amene aliyense wowerenga Uthenga wa Yohane angawazindikire, komanso amene ankasonyeza mmene atsamunda ankationera. Dziko latsopano linawachotsa n'kuikapo mawu onena za umodzi ndi ufulu. Mbendera yathu ili ndi dzuwa lotuluka, ilibe mtanda, ilibenso mwezi ndi nyenyezi. Nyimbo ya fuko, imene anaipeka Michael Sauka, ndi pemphero lenileni, ndipo amene amati ndife dziko lachikhristu amakonda kuitchula; koma mukaiimba mosamala mupeza kuti ikupempha Mulungu kuti adalitse Malawi, amusunge mumtendere, ndi kugonjetsa adani amene yawatchula kuti ndi njala, nthenda ndi nsanje. Mulibemo dzina la mpingo kapena chiphunzitso chimene chingamutseke pakamwa Msilamu wa ku Mangochi kapena mkulu wa kudambwe wa ku Mitundu, n'chifukwa chake onsewa amaiimba ataima njo, aliyense akudziwa Amene akumupempha.

Amene sanafikepo pa chiliza cha Kamuzu, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ku City Centre, apite akaone nsanamira zimene zikuimira ngodya zinayi zija tinkaloweza kusukulu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amenewo ndiwo anali maziko amene boma loyamba linkalalikira, makamaka kuyambira 1966 pamene dziko linakhala la chipani chimodzi. Ngodyazo zimamveka ngati za m'Baibulo, koma kukhulupirika ndi kumvera kumene kunkanenedwako kunali kwa chipani ndi mtsogoleri wake, ndipo amene anayesa kuika Mulungu patsogolo pa chipani anaona zakuda. Mu 1967 boma linaletsa chipembedzo cha Mboni za Yehova, anthu amene ankakana kugula khadi la chipani, ndipo mu 1972 nkhanza zitakula, anthu zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, atasiya nyumba zotenthedwa, minda ndi ntchito. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993.

Kumudzi kwathu, cha ku Mitundu, kunali bwinja limene ife ana tinkapitako kukatola mango. Panali mitengo ingapo ya mango a boloma, miyala imene panakhala nkhokwe, ndi mafuwa atatu akadali pamalo pake pamene panali khitchini. Tsiku lina ndinafunsa mayi anga kuti eni ake anapita kuti, ndipo iwo anayang'ana uku ndi uku asanayankhe monong'ona kuti: "Mwanawe, anali a Mboni, anachoka usiku. Usadzafunsenso." Patapita zaka zambiri ndi pamene anandiuza kuti mayi wa pakhomopo anali mnzawo wa kumtondo, kuti anasiya ufa uli pamphasa, ndiponso kuti amene anabwera kudzasasula nyumbayo anali anyamata a m'mudzi momwemo, ena mwa iwo oimba kwaya Lamulungu. Sindigwirizana ndi ziphunzitso zambiri za a Mboni, koma bwinja limenelo linandionetsa kuti dziko likhoza kudzaza ndi Akhristu, mtsogoleri wake n'kukhala mkulu wa mpingo, misonkhano n'kumatsegulidwa ndi pemphero, koma munthu wowerenga Baibulo n'kuthamangitsidwa chifukwa cha chikumbumtima chake. Banja lija linkasowa lamulo lonena kuti boma lilibe mphamvu pa chikhulupiriro cha munthu.

Lamulo limenelo linabwera, ndipo amene analilambulira njira ndi anthu a chipembedzo. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inanena poyera za umphawi, kumangidwa popanda mlandu ndi mantha amene anali atatseka anthu pakamwa. Ine ndinali ndi zaka 24, ndikugwira ntchito ya ukalaliki ku Old Town, ndipo mnzanga wina wachikatolika anandipatsira kalatayo itapindidwa m'kati mwa nyuzipepala. Ndinaiwerenga usiku pa koloboyi, chitseko chili chokhoma, chifukwa boma linali litalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu. Maepiskopi anaitanidwa ku polisi, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, limene linasonkhanitsa Akatolika, a Anglican, masinodi a CCAP a Blantyre ndi Livingstonia, Asilamu, maloya ndi amalonda kuti akambirane ndi boma. Ndimamva chisoni kunena kuti sinodi yathu ya Nkhoma nthawi imeneyo sinayende limodzi ndi anzake, ndipo ndimakhulupirira kuti chimene chinatimanga miyendo ndi kuyandikana kwambiri ndi mpando wa boma. Pa 14 Juni 1993 anthu anavota pa riferendamu, nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri, inagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi mavoti oposa 60 pa 100 alionse, ndipo pa 17 Meyi 1994 dziko limene ambiri mwa anthu ake ndi Akhristu linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala pulezidenti.

Malamulo oyendetsera dziko amene tili nawo lero anabadwa m'nyengo imeneyo: anayamba kugwira ntchito mongoyembekezera mu Meyi 1994 ndipo anakhazikitsidwa kwathunthu mu 1995. Nditabwerako ku maliro kuja ndinawatenga n'kuwerenga mawu ake otsogolera mobwerezabwereza. Amayamba ndi anthu a ku Malawi. Amati anthuwo akuzindikira kupatulika kwa moyo wa munthu ndi umodzi wa anthu onse, akutsogozedwa ndi chikumbumtima cha aliyense payekha ndi nzeru zawo zophatikiza pamodzi, ndipo akufuna boma lochita zinthu poyera, la demokalase ndi loyankha kwa anthu. M'mawu otsogolerawo mulibe dzina la Mulungu kapena la Khristu, ndipo palibe gawo lililonse limene limakhazikitsa chipembedzo cha boma. Gawo 12 limati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a ku Malawi ndipo olamulira amangozisunga m'malo mwa eni ake; gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo chake, mtundu, khungu, chilankhulo ndi zina; gawo 33 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo, ndipo ufulu umenewu uli m'gulu la maufulu amene boma silingawaimitse ngakhale litalengeza kuti dziko lili pangozi. Sindikhulupirira kuti kusatchula chipembedzoko kunali kuiwala. Malamulowa analembedwa m'dziko lodzaza ndi matchalitchi, mipingo itangotha kumene kutsogolera kusintha, chitsanzo cha ku Zambia chili pafupi, pakuti Frederick Chiluba anali atalengeza kale mu Disembala 1991 kuti dziko lawo ndi lachikhristu. Koma ife tinatenga njira ina, mabwinja onga lija la kwathu akadali m'maso mwathu.

Vuto lina lili pa mawu. Chichewa chilibe liwu limodzi lotchulira boma lotere, ndipo ena akamamasulira amati dziko lachikunja kapena dziko lopanda Mulungu, mawu amene amachititsa nthumanzi Mmalawi aliyense wopemphera. Kumasulira kumeneko n'kolakwika. Chimene malamulo athu anakhazikitsa ndi boma losakondera chipembedzo, limene silisankhira munthu kopemphera ndipo silifunsa kalata ya ubatizo kwa wofuna chiphaso cha unzika, mankhwala ku chipatala kapena chilungamo ku khoti. Pemphero lilipobe pabwalo. Aphungu amayamba zokambirana zawo ndi pemphero. Khirisimasi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka ndi masiku a tchuthi, chimodzimodzi Idi ya pakutha pa Ramadani. Sukulu ndi zipatala za mipingo zimalandira thandizo la boma. Pulezidenti akamalumbira amamaliza ndi kupempha Mulungu kuti amuthandize, ngakhale gawo 81 limalolanso amene safuna kulumbira kuti angolonjeza motsimikiza. M'busa akhoza kukhala pulezidenti, monga zinachitikira mu 2020 pamene anasankhidwa Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013; koma mpandowo anaupeza ndi mavoti, ndipo analumbira kuteteza malamulo omwewo amene Msilamu uja, Bakili Muluzi, analumbirira.

Ubwino wa dongosolo limeneli umaonekera pa nkhani zooneka zazing'ono, zokhudza mwana mmodzi pa geti la sukulu. Kwa zaka zambiri ana a Chirasta ankabwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo, mpaka pamene Bwalo Lalikulu la Milandu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, linagamula mu Meyi 2023 kuti kuwabweza n'kuphwanya malamulo. Nkhani ya atsikana achisilamu ovala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma inafika pa ziwawa ku Balaka mu 2019, ndipo a Public Affairs Committee anatsogolera zokambirana mpaka mbali zonse zinasainirana mgwirizano mu 2021. Manja athu sanakhale oyera nthawi zonse: pambuyo pa chisankho cha 1999 mizikiti ina inatenthedwa kumpoto, ndipo chaka chotsatira tinakangana kwambiri pa za phunziro la Baibulo m'sukulu za sekondale. Koma nthawi zonsezi wolakwiridwa anali ndi pothawira, chifukwa ankatha kuloza gawo la malamulo limene limamuwerengera mofanana ndi mnzake.

Tiyerekeze kuti pempho la mkulu wa mpingo uja latheka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, Akhristu ndi 77 pa 100 alionse ndipo Asilamu ndi pafupifupi 14 pa 100 alionse, kutanthauza anthu oposa 2 miliyoni, kuwonjezera pa otsatira chipembedzo cha makolo, a zipembedzo zina ndi osapembedza. Onsewa angawerenge tsamba loyamba la malamulo a dziko lawo n'kupeza kuti eni nyumba ndi ena. Koma funso limene limandivutitsa kwambiri lili pakati pa Akhristu enife: chikhristu chake chiti? Mpingo waukulu kuposa yonse, wa Katolika, uli ndi anthu 17 okha pa 100 alionse, CCAP ili ndi 14, ndipo otsalawo anagawikana m'mipingo yosawerengeka. Wa Seventh-day Adventist amasunga Loweruka pamene ine ndimasunga Lamulungu. Wa Baptist amabatiza akuluakulu powamiza pamene ife timabatiza ndi makanda omwe. Ilipo mipingo yolola mitala, iliponso yoletsa mankhwala a kuchipatala. Boma likadzitcha lachikhristu, tsiku lina woweruza kapena nduna adzayenera kunena kuti chikhristu chenicheni ndi chiti, ndipo amene adzatsale kunja ndiwo adzakhale a Mboni a m'badwo umenewo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndimaganiziranso za John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse. Anali m'busa wa Baptist, anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma la atsamunda limene mfumu yake inali mkulu wa mpingo wa Church of England. Boma limenelo linagumula tchalitchi chake, linapha ambiri mwa omutsatira, ndipo linayamba kukayikira mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda. Tikhoza kusiyana maganizo pa njira imene Chilembwe anasankha, koma iye ndi maepiskopi a 1992 akufanana pa chinthu chimodzi: mawu awo anali ndi mphamvu chifukwa sankadya m'mbale imodzi ndi boma. Mpingo ukalandira dzina ndi mpando kuchokera kwa Kaisara, umavutika kumudzudzula Kaisarayo, ndipo tonse taona mmene andale amakondera mipando ya kutsogolo m'tchalitchi nyengo ya kampeni, maenvulopu ali m'manja. Ambuye wathu mwini anauza Pilato kuti ufumu wake suli wa dziko lino lapansi, ndipo ophunzira ake anawatuma kukaphunzitsa anthu a mitundu yonse, sanawatume kukapempha lamulo kwa bwanamkubwa. Ndalama zimene zinabedwa ku Capital Hill pa mlandu wa Cashgate mu 2013 zinabedwa m'dziko limene Lamulungu lililonse matchalitchi amadzaza mpaka pakhonde, ndipo sindikuona mmene chiganizo china pa tsamba loyamba la malamulo chikanaimitsira dzanja la munthu amene ulaliki wa zaka zambiri sunamuimitse. Funso limenelo liyenera kubwerera kwa ife amene timalalikira ndi kuphunzitsa makalasi a ubatizo.

Patatha sabata ziwiri chichitikire malirowo ndinapita kwa mkulu wa mpingo uja nditanyamula mapepala a malamulowo. Tinakhala pakhonde, iwo anavala magalasi, anawerenga mawu otsogolera kawiri, chala chikuyenda pa mzere uliwonse, kenaka anati: "Achimwene, ndiye kuti Mulungu anamusiya panja." Ndinawayankha kuti Mulungu sadikira kupatsidwa malo m'pepala la anthu, ndiponso kuti kupatulika kwa moyo kumene kwatchulidwa pa mzere woyamba ine ndimakumva ngati chiphunzitso cha m'Genesis, pamene telala uja amakumva ngati chiphunzitso cha m'Kurani, ndipo tonse tikhoza kusaina pansi pake popanda kunama. Mkulu uja sanakhutire. Akuonabe kuti dziko losatchula Mlengi wake likudzichotsera madalitso, ndipo ndikudziwa kuti akunena zimenezo chifukwa chokonda Malawi. Tinapemphera limodzi ndisanatsanzike, ndipo ndinawauza mosabisa kuti pempho lotere likadzabwera ku mpingo kuti tisaine, dzanja langa silidzakhalapo.

Kwa telala uja ndinapita Loweruka lotsatira, ndipo ndinawapeza akusoka yunifolomu ya ana a sukulu, tepi ili m'khosi. Ndinawapepesa chifukwa chokhala chete usiku uja, ndipo ndinawauza kuti malinga ndi malamulo a dziko lino iwo si mlendo, ndiponso kuti sakhala pano chifukwa cha chifundo cha wina aliyense. Anaimitsa makina nandiuza kuti agogo awo anaikidwa ku Nkhotakota, kuti bambo awo anabwera ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 kudzagwira ntchito yomanga pamene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba, ndiponso kuti iwo eni mu 1993 anaima pamzere kuyambira m'bandakucha kudikira kuponya voti. Nditawafunsa malo ake bwinobwino, tinapeza kuti tsiku limenelo tinavotera pa sukulu imodzi.